Tambala, Thadzi ndi Chikalata cha Boma: Phunziro la Ukwati wa Mmalawi mu London

Khalani pansi, ana anga, mafoni alowe m'matumba. Lero tikambirana za ukwati, makamaka wa Mmalawi amene akumangira banja lake kuno ku London. Ndikakufunsani kuti ukwati wanu udzasiyana bwanji ndi wa anzanu, ambiri mumathamangira maluwa, nsalu zokutira mipando ndi mayina anu owala ndi magetsi kumbuyo kwa tebulo la akwati. Sindikuletsani. Koma alendo akakafika kwawo n'kuvula nsapato zothina zija, palibe amakumbuka kuti mipando inavala mtundu wanji. Nzeru zanu zisungireni pamene zikufunikadi: pa miyambo yathu imene zipangizo zake sizikwera ndege, ndiponso imene malamulo a dziko lino saidziwa. Pa mwambo uliwonse muzidzifunsa kuti kwathu umagwira ntchito yanji. Mukapeza yankho, mupezanso njira yogwirira ntchito yomweyo m'holo ya ku Croydon kapena ku Enfield.

Tiyambe ndi boma, poti boma silimva zopepesa. Mzinda uno uli ndi makhonsolo 32, kuwonjezerapo City of London, ndipo aliyense wa inu awiri amakapereka chidziwitso cha ukwati ku ofesi ya kaundula ya dera limene wakhalamo masiku 7 apitawo. Chidziwitsocho chiperekedwe kudakali masiku osachepera 29 tsiku la ukwati lisanafike, chimagwira ntchito miyezi 12, ndipo pochipereka muyenera kukhala mutasankha kale malo omangira ukwatiwo. Ngati mmodzi wa inu alibe chilolezo chokhazikika m'dziko muno, nkhani yanu ikhoza kupita ku Home Office, masiku odikira aja n'kufika 70. Choncho musasindikize makhadi, musagulire amalume tikiti ya ndege, tsiku lisanatsimikizike ku kaundula. Malo nawonso lamulo limawayang'ana. Mipingo yathu yambiri imapemphera m'maholo obwereka Lamlungu masana. Abusa akhoza kukudalitsani mmenemo ndi mtima wonse, koma ngati nyumbayo sinalembetsedwe kuti izimangitsa maukwati, ndipo panalibe munthu wovomerezeka ndi boma, mwatuluka muli odalitsika koma osakwatirana.

Iwe kumbuyoko usaseke, nkhaniyi inaliza munthu. Mu February 2020 khoti la apilo la dziko lino linagamula mlandu wa banja lina lachisilamu limene linachita mwambo wa ukwati mu lesitilanti ku Southall mu 1998. Imamu analipo, mboni zinalipo, alendo anadya. Awiriwo anakhala limodzi zaka 18 n'kubereka ana anayi. Banja litasokonekera, khoti linati pamaso pa lamulo panalibe ukwati n'komwe, ndipo mayiyo sakanatha kupempha gawo la chuma monga mkazi wokwatiwa. Chinkhoswe chathu chili m'gulu lomwelo. Ku Malawi lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wachikhalidwe, koma chinkhoswe chochitikira m'holo ya ku Lewisham boma la kuno limachiona ngati phwando basi. Pa zaka zokwatirira ndiye tinawatsogolera eni dziko: ife tinaika 18 mu 2015 n'kukonza malamulo aakulu a dziko mu 2017, pamene England inafika pa 18, n'kuletsa ochepera zakazo kukwatira ngakhale ndi chilolezo cha makolo, pa 27 February 2023.

Ukwati wa ku kaundula ndi waufupi, ndipo saloleza nyimbo za tchalitchi kapena kuwerenga Baibulo ndi Korani. Ena amauona ngati kungokasaina, amapita atavala za kuntchito. Ine ndimati mmenemo muli mipata iwiri imene Mmalawi sayenera kuitaya.

Woyamba ndi wa mboni. Lamulo limafuna mboni ziwiri, koma silinena kuti zikhale ndani, bola zikumva zimene zikuyankhulidwa. Bwanji osatenga nkhoswe wa kuchimuna ndi nkhoswe wa kuchikazi? Mayina awo adzakhala pa setifiketi mpaka kalekale, ndipo tsiku limene adzabwere kudzaweruza mkangano wanu, simudzawafunsa kuti zikuwakhudza pati.

Wachiwiri ndi dzina la amayi. Kuyambira mu 1837, pamene boma la England linayamba kusunga kaundula wa maukwati, ankalemba dzina la bambo ndi ntchito yawo basi. Mayi amene anakubereka, kukuyamwitsa ndi kukulipirira sukulu analibe malo pa pepalalo. Izi zinasintha pa 4 May 2021, ndipo tsopano aliyense wa akwati akhoza kulembetsa makolo mpaka anayi. Kwa Mchewa, Myao, Mlomwe kapena Mmang'anja, amene mbumba yake imawerengedwa kuchikazi, ichi si chinthu chaching'ono. Lembani dzina la amayi mokwanira, malembo ake muwafunse eni ake, chifukwa kukonzetsa cholakwika pa setifiketi kumadya nthawi ndi ndalama. Ndipo ngati anakulerani ndi mayi kapena bambo wokupezani, malo ake alipo. Malonjezo anuanu m'Chichewa mukhoza kuwonjezera pa mawu okakamizidwa ndi lamulo aja, mukagwirizana ndi wa kaundula nthawi idakalipo.

Pepala lokha nalonso silimaliza nkhani. Mu September 1948 Seretse Khama, mwana wa mfumu ya Abamangwato amene ankaphunzira zamalamulo kuno, anakwatira Ruth Williams ku ofesi ya kaundula ya ku Kensington, akuluakulu a mpingo wa Anglican atakana kuwadalitsa. Setifiketi inali yeniyeni. Koma bambo ake aang'ono, Tshekedi Khama, amene ankamusungira ufumu, sanavomereze, ndipo Seretse anayenera kupita ku Serowe kukaima pabwalo pamaso pa anthu ake kufikira anamulandira mu June 1949. Zimene zinatsatira, boma la Britain kumuletsa kukhala kwawo mpaka 1956 pofuna kusangalatsa boma la tsankho la South Africa, ndi phunziro la tsiku lina. Lero ingogwirani ichi: ngakhale munthu amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Botswana mu 1966 sanathawe bwalo la kwawo.

Tafika pa ankhoswe, ndipo apa ndichedwapo. Ntchito ya nkhoswe si kudya nkhuku pa tsiku la chinkhoswe. Nkhoswe ndi munthu amene mumamugogodera usiku zinthu zikavuta m'nyumba, amene ali ndi mphamvu yokhazika pansi mwamuna ndi mkazi n'kuwauza zoona popanda wina kunena kuti walowerera. Amalume anu a ku Kasungu udindowo ndi wawo mwa magazi, koma sangafike pa fulati ya ku Woolwich mbale zikayamba kuuluka. Ngakhale pa tsiku la ukwati lenilenilo, kubwera kwawo kumadalira viza, ndipo viza imatha kukanidwa ndalama zitapita kale. Mabanja ena zikatero amangogwira mnzawo wa kuntchito n'kumuveka jekete kuti akhale malume wa tsiku limodzi. Kumeneko ndi kuchita sewero. Kwathu kuli kale njira: pamakhala nkhoswe wamkulu ndi wamng'ono. Amalume akhalebe aakulu ali kumudzi komweko, koma iwo eni, ndi pakamwa pawo, asankhe munthu wamkulu wodalirika wokhala kuno kuti akhale maso ndi miyendo yawo. Amutume poyera, pa tsiku la chinkhoswe, nkhope yawo ikuoneka pa sikirini, anthu onse akumva. Munthu wotumidwa motero saiona ntchitoyo mopepuka, ndipo akwati sangamutsekere chitseko.

Kuti zimenezi zitheke, kumudzi kukhale mnyamata kapena mtsikana wodziwa foni, amene mwamutumizira ndalama ya bandulo yokwanira ndi batire losungira moto kuopa magetsi kuzima. Muyeseze dzulo lake, osati anthu atakhala kale pansi. Kumbukirani kuti Malawi ili patsogolo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndipo miyezi inayo ili patsogolo ndi maola awiri. Mukaika mwambo wa ankhoswe 6 koloko madzulo mu November, agogo adzakhala akuwodzera mumdima. Tumizaninso ya mbuzi ndi thobwa kuti akumudzi asamangoonerera anzawo akudya.

Nanga nkhuku? Kwathu akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, kusonyeza kuti mbali iliyonse yatula mwana wake m'manja mwa inzake. Tangoganizani bambo wina atakwera sitima ya pansi pa nthaka ndi tambala m'khwapa. Mwini holo sangalole, komanso kuyambira pa 1 October 2024 aliyense wosunga nkhuku mu England, ngakhale imodzi, ayenera kulembetsa ku boma chifukwa cha chimfine cha mbalame. Njira imene ndimaikonda ndi iyi: nkhuku zamoyo zisinthanidwe kumudzi pa ola lomwelo, inu mukuonera, pamene kuno ankhoswe ang'ono akusinthana tambala ndi thadzi zosema. Amisiri a ku Mua, ku KuNgoni, amasema mtengo mwaluso, ndipo ku Dedza amaumba zadothi zokongola. Zoterezi zimalowa m'chikwama, ndipo zidzakhala pa shelefu ana anu n'kumafunsa tanthauzo lake. Nkhuku yophika yoti ankhoswe ang'ambirane ndi manja n'kudyera pamodzi ikhalepo ndithu, ndipo ikhale yolimba ngati yachikuda, ya ku msika wa Ridley Road ku Dalston, ku Brixton kapena ku Rye Lane ku Peckham, osati yofewa ija yosungunuka mkamwa.

Lichero, mthiko, chipande, tsache ndi kamtondo kakang'ono sizivuta, azakhali abwera nazo. Nkhwangwa ndi chikwanje ndiye chenjerani nazo. Lamulo la mu 1988 limaletsa kuyenda ndi chitsulo chakuthwa pagulu popanda chifukwa chomveka, ndipo simukufuna kuti mkulu wa mkwati akafotokozere wapolisi za chinkhoswe pa siteshoni ya basi. Perekani zosema za mtengo, kapena mwambo umenewo uchitikire m'nyumba. Khasu limatanthauza kuti banjali lizidya thukuta lake. Mnyamata wokhala pa nyumba yosanja yachisanu ndi chinayi alima nalo kuti? Makhonsolo ambiri amabwereketsa timinda, ngakhale mzere wodikira umakhala wautali. Akwati akalembetse dzina lawo mwezi wa chinkhoswe womwewo, khasu lija lidikire pakona, ndipo tsiku lina mudzadya nkhwani ndi bonongwe wolimidwa mu London.

Tsopano perekani-perekani, amene amazunguza mitu makomiti ambiri. Kwathu munthu amapita kwa makashiya ndi K5,000 imodzi, amamusinthira timapepala tambirimbiri, n'kuvina nyimbo yonse akuponya m'lichero ngati mwini esiteti. Kuno pepala laling'ono kwambiri la Bank of England ndi £5, chifukwa la £1 linachotsedwa mu 1988. Mlendo wobwera ndi £40 amaponya kasanu ndi katatu, nyimbo isanafike pakati iye wangoti manja lende. Makobidi achitsulo saponyedwa, mungatupitse mkwatibwi pachipumi. Ndipo mapepala a masiku ano ndi apulasitiki, a £5 chiyambire 2016, amaterereka pansi pa holo moti mayi wovala nsapato zazitali akaponda amapezeka ali chagada. Anzathu a ku Nigeria, amene nawonso amamwaza ndalama pa akwati, kawirikawiri amagwiritsa ntchito mapepala a dola imodzi ya ku America. Inu mukhoza kusindikiza timapepala tanutanu, tokhala ndi nkhope za akwati kapena chithunzi cha phiri la kwanu, Mulanje kapena Hora, makashiya n'kumagulitsa pa tebulo lawo ndi kamakina kolandira ndalama za pa khadi. Wopereka £20 alandire timapepala 40, avine mpaka thukuta. Koma musakopere maonekedwe a ndalama yeniyeni, lamulo limaletsa.

Ndalama si ntchito yokha ya mwambowu. Perekani-perekani amaimiritsa magulu poyera, akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, a kuntchito, kuti akwati aone ndi maso awo anthu amene ali kumbuyo kwawo. Zimenezo zimatheka mu ola limodzi. Chizolowezi chathu choitana gulu lomwelo katatu, kenako kugulitsa keke, kenako maapozi, mpaka dzuwa kulowa anthu asanavine momasuka, chimatopetsa ngakhale ku Lilongwe. Kuno holo mumalipira pa ola, woyang'anira amazimitsa zoimbira nthawi ikakwana osayang'ana nkhope, ndipo maholo ena ali ndi kachipangizo kodula magetsi phokoso likapitirira. Woyendetsa mwambo mumuuze malire ake. Alendo amene si Amalawi muwalembere mizere iwiri pa khadi yofotokoza zimene zidzachitike, chifukwa Mngelezi amene wagula kale mphatso akaitanidwa kutsogolo ndi dzina kuti aponye ndalama amafiira nkhope.

Za zovala, ndikuuzeni mbiri pang'ono. Pa 10 February 1840 Mfumukazi Victoria inakwatiwa ndi Albert m'kachisi wa ku St James's Palace, mumzinda uno, itavala diresi loyera. Masiku amenewo akwatibwi ankavala mtundu uliwonse umene anali nawo. Iyo inasankha silika wolukidwa ku Spitalfields ndi lesi ya ku Honiton pofuna kukweza amisiri a dziko lake, anthu n'kutengera, mpaka amishonale anafika nacho chizolowezicho kwathu. Diresi limene ena amaliona ngati lamulo la Mulungu linafala chifukwa cha kukonda kwa mtsikana mmodzi wa zaka 20. Lero mukayenda pang'ono kuchoka ku Spitalfields komweko mufika pa Wentworth Street ndi Middlesex Street, pamene pali mashopu odzaza nsalu zachiafirika. Zambiri ndi za kukoma kwa anthu a ku West Africa ndipo amagulitsa mayadi 6, choncho ofuna chitenje cha kwathu enieni aitanitse ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndipo telala amupeze msanga poti miyezi yotentha amakhala ndi ntchito yosefukira. Chimene chimandigwira mtima ine si nsalu yatsopano. Pemphani chitenje chakale cha amayi kapena agogo, chija anakuberekerani kumsana, chofwifwa m'mphepete. Telala adulepo chidutswa asokere m'kati mwa jekete la mkwati, china amangire maluwa a mkwatibwi. Alendo sadzaona, koma amayi adzazindikira nsalu yawo ali patali. Yunifolomu ya achibale ikhale ya mtengo woti wophunzira ndi wogwira ntchito yosamalira okalamba angaukwanitse.

Chakudya chili ndi malamulo akenso. Wochokera ku Malawi saloledwa kulowa m'dziko muno ndi nyama kapena zamkaka, choncho nyama yofutsa itsale, ndipo mbewa musaziganizire n'komwe. Nsomba zouma kapena zowamba zimaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu, mpunga nawonso umaloledwa. Ndiye kuti usipa, utaka, chambo chowamba ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga zikhoza kufika pa tebulo. Musanalipire holo funsani ngati amalola ophika anuanu, chifukwa malo ambiri okongola amakakamiza ophika awo, amene nsima sanaionepo. Funsaninso ngati khitchini ili ndi moto weniweni kapena ndi yongotenthetsera. Nsima yophikidwa m'mawa ku Luton n'kuyenda pa galimoto imafika itauma khungu, ndipo ndi bwino kupatsa anthu mpunga wabwino kusiyana ndi nsima yozizira. Pakhomo, m'malo mwa vinyo wa thovu, alendo alandiridwe ndi thobwa lozizira m'timakapu, pambali pali zitumbuwa ndi mandasi ang'onoang'ono. Kamphatso kopita nako kunyumba kakhale kothandiza, monga kapaketi ka tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu, osati timiyala tolembedwa mayina timene timathera m'bini.

Mdipiti wa galimoto zoliza mahutala uiwaleni. Chiyambire pa 29 August 2023 galimoto yakale yotulutsa utsi wambiri imalipira £12.50 pa tsiku m'makhonsolo onse a London, malo oimika ndi osowa, ndipo hutala kuno ndi wochenjezera ngozi. Bwerekani basi yofiira yosanja, ya mtundu wakale wa Routemaster, anthu onse akwere imodzi, amayi aimbe ndi kululutira mmenemo mpaka kukhosi kuume. Wojambula zithunzi mumuuze mwezi: mu June kumawala mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, mu December mdima umagwa 4 koloko isanakwane.

Ambiri a inu mukwatira kapena kukwatiwa ndi a mitundu ina, a ku Ghana, a ku Jamaica, a ku Poland, Angelezi. Musamasulire mawu aliwonse, mwambo ungatalike kawiri. Woyendetsa mwambo anene mwachidule m'Chingelezi chimene chikudza, kenako akuluakulu ayankhule Chichewa chawo mosadodometsedwa. Apongozi achilendowo muwapatse chochita, agwire nawo thadzi losema lija, alawe nkhuku ya ankhoswe, ndipo mwambo umodzi wa kwawo ulowe pa ndondomeko ndi ulemu wofanana. Malangizo a m'nyumba, aja a alangizi, achitikire kuchipinda usiku wa dzulo lake. Si za pa maikolofoni pamaso pa abwana a kuntchito.

Ntchito yokachita kunyumba ili pawiri. Aliyense asankhe holo imodzi ya m'dera lake, aimbe foni, afunse ngati ili ndi chilolezo chomangitsira ukwati, ngati imalola ophika akunja, ndiponso nthawi imene zoimbira zimazimitsidwa. Kenako muimbire azakhali anu aakulu, muwafunse zimene zinaperekedwa pa ukwati wawo ndi amene anazipereka. Musadabwe mayankho akasiyana, poti wa ku Mzimba kapena ku Nsanje adzakuuzani za malowolo pamene wa ku Dedza adzakuuzani za chikamwini. Mulembe zonse m'kope, mubwere nazo Loweruka likudzali, ndipo amene adzabwere ndi zokopera pa intaneti ndidzamudziwa pa chiganizo choyamba.